Suti ya Ubweya M'chilimwe

Kuchipatala kumene ankagwira ntchito aliyense ankangomutchula kuti Sisita, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba, moti ngakhale bambo ake omubereka akafuna kumuseka ankati "a Sisita". Anali namwino wa kufiyeta, wopatsira madokotala zipangizo akamachita opaleshoni. Chaka chimenecho anzake anamusankha kuti alandire mphoto pa phwando la madzulo la ogwira ntchito onse, ndipo pakhadi loitanira anthu panalembedwa kuti amuna abwere m'masuti, akazi m'madiresi aatali. Amene analemba zimenezo sanayang'ane kumwamba. Chinali chilimwe chenicheni, mvula ikungoopseza ndi mitambo yakutali koma osagwa, phula la mumsewu likumata kunsapato, madzi a pampopi akutuluka ofunda ngati wina wawatereka pamoto.

Sisita anali atakonzekera kutenthako. Diresi yake inali ya nsalu yopyapyala ya thonje, yopanda manja, yamtundu wodera kuti thukuta la m'khwapa lisaonekere. Mwamuna wake, mphunzitsi wa kusekondale, anamupezera suti yotuwa yopanda nsalu yachiwiri m'kati. Bambo ake nawo sanawaiwale. Anatenga jekete yakale imene iwo anaisiya kunyumba kwake ulendo wina, n'kukaipereka kwa telala kuti ayezerepo, ndipo telalayo anasoka suti yopepuka, yoti mphepo izidutsamo. Nsalu inalowa yambiri, pakuti bambo akewo anali munthu wathupi. Zaka zonse zimene anakhala mkulu wa maweyitala pahotela, anzawo ankawatchula kuti a Chimphona, chifukwa akaima pakhomo la kukhitchini wina sankadutsa.

Makolowo ankakhala m'tauni ina, ulendo wautali ndithu pabasi, ndipo panali patapita miyezi asanaonane. Sisita akati apite kukawaona, bambo ake ankamuletsa pafoni. "Ntchito yako ndi ya miyoyo ya anthu. Ife tili bwino, tidzaonana kuphwandoko."

Makolowo anafika masana a tsiku la phwandolo, dzuwa likuswa mtengo. Sisita atatsegula geti anangoti kakasi. Bambo ake anali atavala suti yawo yakuda ya ubweya, ija ankavala pahotela alendo akuluakulu akabwera, mabatani onse omanga, kajekete kam'kati kopanda manja kali mommo, tayi ali pakhosi. Kumaso kunali ndevu zambiri zaimvi, munthu amene moyo wake wonse ankameta m'mawa uliwonse n'kumanena kuti weyitala wandevu amathira tsitsi mu supu.

"Ababa, mwakwera basi mutavala zimenezi?"

"Nanga ndikanakwera maliseche?" anayankha akuseka. Mawu anali omwe aja, aakulu, ochokera pansi pamimba. Sisita anatambasula manja kuti awakumbatire, koma iwo anamupatsira chikwama. "Landira katunduyu, mayi ako atopa."

Atakhala pansi pabalaza, Sisita anabweretsa suti yatsopano ija ili pahang'ala.

"Ndakusoketserani iyi. Muivale madzulo ano, mu holo muja mukakhala ngati mu uvuni."

Bambo ake anagwira nsaluyo ndi zala ziwiri, monga ankagwirira nsalu za patebulo poona ngati zachapidwa bwino.

"Iyi ndi katani, mwana wanga. Munthu akaima kutsogolo kwa nyali amuona mpaka m'matumbo. Suti ya madzulo imakhala yakuda, yolemera, yokugwira m'mapewa."

"Imeneyo ndi ya nyengo yozizira. Mukapsa."

"Ndaperekera zakudya m'suti imeneyi moto wa kukhitchini uli kumsana. Sindinapse."

"Chabwino, ingoyesani ndione ngati telala sanaphonye."

"Ndikayesera kunyumba."

Sisita anatembenukira kwa amayi ake. Ankadziwa kuti pa makani a bambo ake amayiwo sankasowa mawu; nkhani ya chipewa yokha ankatha kukangana nayo mpaka tiyi kuzizira. Koma tsiku limenelo anangotenga suti yatsopanoyo, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'chikwama.

"Asiye bambo ako," anatero osamuyang'ana. "Pita ukasambe, nthawi yatha."

Zinamupweteka, koma simbi inali ikudikira, tsitsi linali lisanakonzedwe, ndipo mawu oti akalankhule polandira mphoto anali asanawaloweze. Anaisiya nkhaniyo.

Phwando linachitikira mu holo yaikulu ya mawindo ochepa. Dzuwa linali litangolowa kumene koma makoma anali akulavulabe kutentha kwa tsiku lonse, ndipo mafani a kudenga ankangotakasa mpweya womwewo. Azimayi ankadzikupiza ndi makhadi, zodzola za kumaso zikusungunuka n'kumatsetsereka m'makosi. Chakudya chisanafike, mkulu wa chipatala anavula jekete n'kuikoleka pampando, ndipo amuna onse anachita ngati akhala akudikira chilolezo chimenecho. Mwamuna wa Sisita anavula yake, malaya atamatirira kumsana.

"Bambo, vulani nanunso, akuluakulu ayamba okha," anauza apongozi akewo.

"Akuluakulu a masiku ano," anayankha a Chimphona, akuwongola mpeni ndi foloko zimene weyitala anaika mokhota. Anakhala chiwongokere pampando, thukuta likutsika m'ndevu n'kumadonthera pa tayi.

Sisita sankakhazikika patebulo. Uyu amuitane adzamuyamikire, uyo amukoke akajambulitse. Pobwerera ulendo wina anaona amayi ake akuchotsa nyama m'mbale ya bambo ake n'kuika m'mbale yawo mwachangu, ngati mwana wakuba ndiwo. Anaseka chamumtima kuti ukalamba wayamba kuwapatsa nkhuli amayiwo. Sanaganizenso zambiri.

Kenako anamuitana kutsogolo. Anakwera pansanja atakweza pang'ono diresi kuti asaiponde, analandira chikho chagalasi, n'kutembenuka kuti alankhule. Ali pamwambapo holo yonse inkaoneka yoyera ndi malaya a amuna, kupatula malo amodzi. Bambo ake anali ataimirira okha m'suti yakuda, akuwomba m'manja manjawo atawakweza m'mwamba kuti iye awaone. Anawamwetulira. Kenako anawaona akuwerama pang'onopang'ono ngati munthu wofuna chinthu chimene wagwetsa, dzanja likugwira nsalu ya patebulo. Nsaluyo inapita nawo limodzi, mbale ndi matambula zikuphwanyika pambuyo pawo.

Mmene anatsikira pansanjapo sanadziwe. Anangozindikira atagwada pasimenti, pakati pa mpunga womwazika ndi magalasi, nsapato imodzi itatsala m'njira. Mu holomo madokotala anali mbwee, koma woyamba kufika anali dokotala wamkulu wa kufiyeta, bambo wachikulire wosalankhula zambiri amene Sisita ankaima naye tsiku ndi tsiku pa bedi la opaleshoni.

"N'kutenthaku," anatero wina kumbuyo. "Amasuleni zovalazo apume."

Sisita anagwira tayi. Pomwepo amayi ake anadzigwetsa pa amuna awo n'kukumbatira jekete ija ndi manja onse awiri.

"Musawavule pano. Chonde, musawavule pa anthu."

"Amayi, chokani, afa."

"Anyamuleni kaye, mukawavulire kwina."

Sisita sanamvetse, ndipo nthawi yofunsa panalibe. Anachotsa manja a amayi akewo chala chimodzichimodzi, mwamuna wake n'kuwagwira m'mapewa. Anamasula tayi, anatsegula batani la pakolala. M'kati mwa kolalayo munali mpango woupinda n'kuukulunga kuzungulira khosi. Atausolola, kolala inatsala ili yasa, ndipo m'kati mwake munali khosi laling'ono la mitsempha yokhayokha, loti akanatha kulizunguliza ndi dzanja limodzi.

Manja ake anapitiriza okha, mutu utaima. Anavula jekete, ndipo inalemera modabwitsa. M'mapewa mwake munali mutasokereredwa nsanza zopindapinda, ndipo kasokedweko anakadziwa: kanali ka amayi ake, kaja ankamusokera nako yunifolomu ya kusukulu. Anatsegula kajekete kam'kati. Anatsegula malaya. Pansi pa malaya panali juzi yaubweya, yonyowa ngati yangochotsedwa m'beseni. Wina anamupatsira sizasi, iye n'kuidula pakati. Pansi pa juziyo panali malaya ena. Pansi pa malayawo panali thaulo losambira, lolipinda n'kulizunguliza m'mimba, lomangidwa ndi mapini. Buluku nalo linali lopinidwa m'chiuno kumbuyo, ndipo lamba anali ndi mabowo atsopano obowola ndi msomali.

Atachotsa thaulolo, anaona chimene chinatsala cha a Chimphona. Nthiti zinali zowerengeka. Khungu linkalendewera m'mikono ngati chovala chobwereka. Pamwamba pa chifuwa panali maenje awiri mmene thukuta linadikhamo. Mimba inali italowa m'kati, koma chakumtunda kwake, pansi pa nthiti, panali potukuka. Dzanja la Sisita, lozolowera ntchito, linapita lokha pamenepo. Panali polimba ngati mwala.

Mu holo monse munali zii. Ankangomveka mafani kudenga ndi kupuma kwa amayi ake. Sisita anakweza maso n'kupeza nkhope za anzake onse a kuntchito zitamuzungulira, anthu amene mphindi zochepa zapitazo ankamuwombera m'manja chifukwa cha diso lake lakuthwa pa odwala. Palibe anamuyang'ana m'maso. Azimayi awiri anatola nsalu ya patebulo n'kuitambasula kuti atchinge.

"Tisadikire machira," anatero mwamuna wake. Anawerama, anakonza miyendo ngati wofuna kunyamula thumba la simenti, n'kukweza ndi mphamvu zake zonse. Anatsala pang'ono kugwa chagada. Anaima apongozi ake ali m'manja ngati mwana, n'kuyang'ana mkazi wake kukamwa kuli yasa.

Dokotala wamkulu uja anali akulangiza kale dokotala wina wachinyamata. "Tsogolani mukakonze dilipi. Musawapatse chilichonse pakamwa, chotupacho chatsala pang'ono kutseka njira ya chakudya."

Sisita anamva mawuwo akudzuka pansi. Anaima.

"Adokotala, mwadziwa bwanji? Simunawagwire n'komwe."

Dokotalayo anangotola jekete yake pampando. "Tiyeni kuchipatala, Sisita. Tikalankhula komweko."

Chipatala sichinali patali. A Chimphona anatsegula maso ali m'galimoto, n'kuwatsekanso. Atawalowetsa m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, anamwino anzake anamuletsa Sisita kulowa, monga iyenso ankaletsera abale a odwala. Anatsala pakhonde la m'kati, m'diresi yake yaitali yodetsedwa m'mawondo, phazi limodzi lopanda nsapato. Pabenchi panali amayi ake, atafungatira mulu wa zovala zonyowa zija. Anali atatola zonse, ngakhale mapini.

Sisita anaima patsogolo pawo.

"Zinayamba liti?"

"Mvula yapitayi isanathe. Ankati chakudya chikuwakhala pachifuwa. Kenako anayamba kusanza."

"Ndipo inu mumandiuza pafoni kuti ali bwino."

"Ankakhala pambali panga ndikamalankhula nawe."

"Mukanatuluka panja. Mukanapita kwa aneba. Foni ndi yanu, amayi."

Amayiwo anawongola mkono wa juzi yodulidwa ija pabondo pawo. "Anandilumbiritsa. Anati mwana wathu wavutika kuti afike pamenepa, asakalandire mphoto yake ali ndi nkhope ya maliro. Anati phwando likangotha amuuza okha."

"Ndiye munakhala pansi n'kuwasokera mapewa."

"Ndinasoka. Nanga ndikanatani? Munthu ankaima pagalasi n'kumalira, bambo ako amene sanalire ngakhale pa maliro a mayi awo. Anasiya kutuluka m'nyumba. Anthu akabwera kudzawaona ankadzifunditsa bulangeti m'chilimwe muno. Lero ndawaveka ndekha m'mawa, chimodzi pamwamba pa chinzake, iwo akundiuza kuti onjeza apa, apa pakuoneka. M'basi monse ndimangowayang'ana kuti agwa pano, agwa pano." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Suti yako ija ndi yokongola, mwana wanga. Anaikonda. Koma nsalu yopyapyala sibisa kanthu."

Sisita anakhala pansi, koma kumapeto ena a benchi.

"Kuchipatala munapita?"

"Kwathu kuja anatitumiza kuno."

"Kuno kuti?"

"Konkuno. Sabata ija unapita kumaphunziro. Bambo ako anachita kufunsa bwinobwino kuti uchoka liti."

"Munabwera m'tauni muno? Munagona kuti?"

"Kunyumba zogona alendo, pafupi ndi depoti ya basi."

Sisita ankazidziwa nyumba zimenezo, zipinda zazing'ono zoyang'anizana ndi mabala, kumene nyimbo sizileka. Kuchokera pamenepo kufika kunyumba kwake munthu amayenda pansi. Mwamuna wake ndi ana anali pakhomo sabata imeneyo, chipinda cha alendo chili chokonzakonza.

Chitseko chinatseguka, dokotala wamkulu uja n'kutuluka. Anati odwalawo atsitsimuka, thupi linali litauma madzi, koma mtima ukugunda bwino. Sisita anadzuka n'kumutsatira mpaka pakona, pamene amayi ake sakanamva.

"Munawaona ndinu."

"Ndinawaona ndine."

"Ndipo nditabwerako kumaphunziro ndinaima nanu kufiyeta, ndikukupatsirani zipangizo, inu mukundifunsa kuti ulendo unayenda bwanji."

"Ndinakufunsani, inde." Dokotalayo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kumapeto kwa tayi. "Poyamba sindinadziwe kuti ndi bambo anu. Anandiuza okha nditamaliza kuwapima. Anati, mwana wanga amagwira ntchito ndi inu, ndipo mukamuuza ndidzadziwa kuti pachipatala pano palibe chinsinsi. Ndinawachonderera kuti agone tiwachite opaleshoni sabata yomweyo. Anakana, anati ali ndi phwando. Lamulo mukulidziwa, Sisita. Wodwala wamkulu, wanzeru zake, akakana, wakana."

"Mukanangonditsina khutu."

"Ndinaganizapo kangapo. Tsiku lina ndinakutsatirani mpaka pageti, n'kubwerera." Anavalanso magalasi aja. "Lero nditawaona akulowa mu holo ndinadabwa, ndinati kapena ndinalakwitsa, munthuyu wanenepanso. Mpaka ine anandipusitsa."

"Nthawi ija mukanawachita opaleshoni, zikanatheka?"

Dokotalayo sanayankhe msanga, ndipo Sisita ankadziwa tanthauzo la kuchedwa koteroko, pakuti anakuona kambirimbiri pa abale a anthu ena.

"Zikanakhala zosavuta kuposa lero," anatero pomaliza.

M'mawa mwake Sisita anapita kuwodi atavala yunifolomu, ngakhale sanali pa ntchito. Ankaona kuti m'zovala zimenezo miyendo imulimba. Bambo ake anali pabedi la pafupi ndi windo, atavala mkanjo wa odwala womanga kumbuyo, dilipi ili pamkono. Popanda mapewa aja mutu wawo unkaoneka waukulu kuposa thupi. Atamuona anakokera nsalu yofunda mpaka kuchibwano.

"A Sisita," anatero. Mawu okha ndi amene sanaonde.

Iye anayang'ana botolo la dilipi, analigogoda ndi chala, anawerenga pakhadi la kumiyendo kwa bedi. Atatha zonsezo analibenso chochita, ndipo anakhala pampando.

"Anandiona anthu angati?" anafunsa bambo akewo.

"Onse."

"Ndi azimayi omwe?"

"Onse, ababa."

Anatseka maso. "Zaka zonsezi sindinagwetsepo ngakhale supuni pamaso pa alendo. Dzulo ndagwetsa tebulo lathunthu."

"Mukudandaula za tebulo?"

"Ndakuchititsa manyazi pa tsiku lako."

"Manyazi si amenewo." Sisita anamva mawu ake akukwera, ndipo wodwala wa bedi loyandikana anatembenuka. Anawatsitsa. "Ndine namwino. Anthu osawadziwa amabwera pano, ine n'kuwayang'ana kamodzi kokha ndadziwa kuti uyu zavuta. Inu mwakhala pabalaza panga, mwamwa madzi m'tambula yanga, ine ndikukangana nanu za nsalu. Munagona kudepoti, ababa. Nyumba yanga ili pompo."

"Sikuti sunaone chifukwa cha kupusa. Ndinakonza kuti usaone. Ntchito yanga inali imeneyo, kuti mlendo asadziwe zimene zikuchitika kukhitchini."

"Ine sindine mlendo."

Kunja wina ankakolopa, fungo la mankhwala likulowera pakhomo. Kenako dzanja la a Chimphona linatuluka pang'onopang'ono pansi pa nsalu ija n'kugona pamphepete pa bedi. Sisita analiyang'ana kaye, dzanja limene kale linkanyamula thireyi yodzaza pamwamba pa mitu ya anthu. Analigwira. Linali lotentha, lopepuka.

"Ndimaopa," anatero bambo akewo akuyang'ana kudenga. "Phwando linali pobisalira chabe. Ndimati ndikakuuza iwe, ndiye kuti zachitikadi."

Opaleshoni inachitika sabata yomweyo. Sisita sanaloledwe kulowa, ndipo zipangizo anapatsira ndi mnzake. Anadikira pabenchi limodzi ndi amayi ake, amene anali asanalankhulane nawo bwino kuyambira tsiku lija. Dokotala atatuluka ananena zimene Sisita anali ataziwerenga kale pankhope yake: chotupa chinali chitafalikira, kuchichotsa sikunatheke, koma anatsegula njira ina kuti chakudya chizidutsa. Amayi ake anafunsa ngati ndiye kuti achira. Dokotala anayang'ana Sisita, ndipo Sisita anasendera pafupi, anawagwira amayi akewo pamkono n'kuwafotokozera yekha, pang'onopang'ono, m'mawu oti amve.

Atatuluka m'chipatala sanabwererenso kutauni kwawo. Sisita anawakonzera chipinda cha alendo, ndipo ulendo uno palibe anakana. Anayambanso kudya pang'onopang'ono, supu ndi zofewa, akudandaula kuti supuyo amaperekera kudzanja lolakwika. Mvula inagwa, kunja kunazizira, ndipo anakhala nawo mpaka mvulayo inatha. Anamwalira m'chipinda chomwecho masana ena, amayi ali pambali.

Koma isanafike nthawi imeneyo panabuka vuto la kusamba. Amayi msana unali utawavuta, sakanatha kuwadzutsa m'bafa. Sisita anati awasambitsa yekha, ndi ntchito imene waigwira pa anthu osawerengeka. Bambo ake anakana kwamtuwagalu.

"Anthu osawerengekawo sanakubereke."

Anakangana mpaka mwamuna wake, amene anali akuchonga mapepala a ana asukulu patebulo, anaika cholembera pansi.

"Ndiwasambitsa ine, ngati bambo alola."

A Chimphona anamuyang'ana mkamwini wawoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munasambitsapo munthu, aphunzitsi?"

"Ana anga okha."

"Ndiye kuti sopo alowa m'maso."

Analola. Sisita anaika mpando wapulasitiki m'bafa, anayesa madzi ndi chigongono, n'kutuluka. Anaima kuseri kwa chitseko akulangiza: ayambe kumaso, pabala asakhudze, agwire m'khwapa powadzutsa osati m'manja. M'katimo munkangomveka madzi. Kenako anamva bambo ake akunena kuti munthu sakhula msana ngati akufufuta bolodi, mwamuna wake n'kuyankha kuti bolodi silidandaula chonchi. Anaseka onse awiri, bambo akewo mpaka kutsokomola.

"Zili bwino mmenemo?" anafunsa Sisita.

"Choka pakhomopo," anayankha bambo ake. "Amuna akusamba."